Mphindi 30 za m'Cigubu

Amai anaonera kafilimu kanga kawiri, foni ataitalikitsa ndi maso monga amacitira powerenga lisiti. Atatha anandibwezera nati, "Ndamva. Uthira kolorini m'cigubu, utakasa, basi wamwa."

Ndinangoti kakasi. Kafilimuko kanali ka masekondi 40, koma kanandidyera masabata asanu ndi limodzi. Munali mu 2024, caka ca cilala, madzi atacepa ku Kariba, ndipo malaiti ankabwera pakati pa usiku n'kupita tambala asanalire. Ndinkagona nditasiya swichi yoyatsa kuti babu likawala lindidzutse. Uthenga waukulu wa kafilimu konse unali umodzi: ukathira mankhwala, dikira mphindi 30 usanamwe. Ndiwo umene Amai sanauone.

Ndimaphunzitsa Computer Studies pa sukulu ina ya sekondale ku Matero. Digiri yanga ya uphunzitsi ndinaitenga pa UNZA, ndipo ndinkati mayeso ndathana nawo. Koma mu July 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, katuni imene nkhani yake anayambitsa ndi Malenga Mulendema wa kuno kwathu, mothandizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Ana a m'kalasi mwanga anaona atsikana anayi a mu Lusaka akumenya nkhondo pa sikirini. Mtsikana wina wa giledi 9 anandifunsa, "Madamu, ivi vinthu vimapangiwa bwanji?" Ine amene ndakhala zaka ndi zaka ndikuphunzitsa Word ndi Excel ndinati tidzakambirana tsiku lina. Patapita miyezi iwiri ndinalembetsa maphunziro a madzulo pa yunivesite ina m'tauni, a interaction design ndi motion graphics, fizi yake ya ngongole yodulidwa pa malipiro.

Motion graphics ndinaikonda tsiku loyamba. Ndi luso loyendetsa zilembo ndi zithunzi. Sekondi imodzi ya filimu imakhala ndi zithunzi 24 kapena 25, ndiye kuti masekondi 40 anga anali zithunzi 1,000. Sujambula ciliconse pamanja; umauza kompyuta pamene cinthu ciyambire ndi pamene cikaimire, iyo n'kudzaza zapakati. Cinsinsi cili pa liwiro. Palibe cinthu ceniceni cimene cimanyamuka ndi liwiro lonse n'kuima mwadzidzidzi. Ngakhale minibasi ya ku Chawama imayamba yakwawa potuluka pa siteshoni, kondakitala mwendo umodzi uli panja. Ukaphonya pamenepo, diso la woonera limadziwa kuti ili ndi bodza, ngakhale mwini wake sanganene cifukwa. Ndinkagwiritsa nchito Blender popeza ndi yaulere, pa laputopu ya salaula imene inkatentha ngati mbaula.

Interaction design ndinkaiona ngati phunziro la anthu osadziwa kujambula. Mulibe zokongola, muli mafunso okhaokha: munthu akadina apa ayembekezera ciani, ndipo akalakwitsa abwerera bwanji? Tinawerenga buku la Don Norman la mu 1988, The Design of Everyday Things, mmene amakamba za citseko cokhala ndi cogwirira cokuuza kuti ukoke, pamene cimatseguka pokankha. Mfundo yake ndi yakuti anthu ambiri akalephera pa citseko cimodzi, colakwa ndi citseko. Ndinailemba bwino pa mayeso. Sindinaimve.

Aphunzitsi athu analamula kuti nchito yomaliza aliyense akaiyese pa anthu asanu amene si anzake a m'kalasi, potsatira zimene Jakob Nielsen analemba mu 2000, zakuti anthu asanu amakwana kuulula zolakwika zambiri. Lamulo lina linali lakuti usafotokoze kanthu, usathandize, ungopenya ndi kulemba.

Mutu sindinavutike kusankha. Ndinakulira ku Kanyama, ndipo Amai akali komweko. Mu January 2018, kolera itakula, boma linaletsa kuyenda usiku m'komboni mwathu kuyambira 18:00 mpaka 06:00, asilikali anadzaza m'misewu, malonda a m'mbali mwa msewu analetsedwa, tomato wa Amai n'kuolera m'nyumba. Kumayambiriro kwa 2024 inakulanso. Odwala anagonekedwa ku National Heroes Stadium, ndipo sukulu sizinatsegulidwe mpaka February. Mwana wa nyumba yacitatu kucokera pa yathu anadwala m'mawa, pofika tsiku lotsatira tinali pa maliro. Ku Kanyama pansi pali mwala, madzi ali pafupi. Mvula ikagwa, cimbudzi ndi citsime zimasakanizana. Conco kolorini m'cigubu si nkhani yamasewera.

M'kafilimu kanga, mayi amathira mankhwala m'cigubu ca malita 20. Kenaka pamwamba pa cigubu pamatuluka nkoloko, mivi yake n'kuzungulira mothamanga kwa masekondi awiri. Pamenepo ndi pamene ndinanyadira kwambiri, popeza mivi inkayamba mwaulesi, n'kuthamanga, n'kuima mofatsa monga tinaphunzirira. Kwa ine tanthauzo linali poyera: nthawi yapita. Sindinadziwe kuti cimeneco ndi cinenero ca mafilimu, cimene ndinaciyamwa pa TV ya aneba ndili mwana. Amai anaona cinthu cozungulira pamwamba pa madzi, ndipo anamva kuti atakase.

Lamulo losathandiza ndinaliphwanya pomwepo.

"Amai, simunaone nkoloko? Si iyi apa?"

Anandiyang'ana kwakanthawi. "Aphunzitsi, ine si mwana wa sukulu wako. Wandifunsa zimene ndaona, ndakuuza. Ngati unafuna yankho lako, ukanadzifunsa wekha."

Akandichula kuti aphunzitsi, ndimadziwa kuti ndapsa. Ndipo mawu amene ndinawafunsira ndinawazindikira. Ndi omwe ndinalankhula nawo tsiku lina pa kantemba ka mobile money, pamene anayesa katatu kutumiza ndalama kumudzi ku Katete. Menyu ili m'Cizungu, ndipo ukacedwa kuwerenga imadzitseka, uyambirenso. Mzere unali kumbuyo kwathu. Ndinawalanda foni n'kunena kuti n'zosavuta izi. Mayi ameneyu amapikula tomato ku Soweto Market kusanace, amawerengera phindu la bokosi lililonse m'mutu, ndipo sanabwezepo cenji colakwika. Kucokera tsikulo sanayesenso. Amapereka foni kwa mnyamata wa pa kantemba, n'kumuuza ndi PIN yomwe.

Anthu anayi otsalawo ndinawayesa nditakhalira manja. Mnyamata wa giledi 7 anamva za nkoloko nthawi yomweyo. Wometa tsitsi nayenso anamva. Amayi awiri amene ndinawapeza pa mzere wa pa kiyosiki ya madzi sanamve. Mmodzi anati mwina akunena kuti madzi atungidwe m'mawa. Ndinabwerera m'basi ndi kope pamiyendo: awiri amva, atatu ayi, ndipo atatuwo ndiwo amatunga madzi ndi kumwetsa ana.

Loweruka lotsatira ndinapita ndi shuga ndi buledi, ndinapepesa, n'kufunsa kuti akanakhala iwo akanaonetsa bwanji mphindi 30.

"Ndani akhala pansi kuyang'ana nkoloko?" anatero. "Uthire mankhwala, utseke cigubu, ukoleze mbaula, uteleke nsima. Ikapsa, madzi nawo akonzeka."

Ndinacotsa nkoloko yanga ya masiku anayi. M'malo mwake mayi amatseka cigubu, amakupiza malasha, poto imawira, mthiko umavundula, ndipo nthawi yonseyo cigubu cili pakona cotsekedwa, nambala 30 yaikulu itaima pamwamba pake osagwedezeka. Mnzanga wina wa m'kalasi, amene amapanga zotsatsa malonda pa kampani ina, anatsutsa kuti pa sitovu nsima imapsa msanga kuposa pamenepo. Ananena zoona, n'cifukwa cake ndinasiya nambala ndi kuonjezera mawu. Mawuwo ndi a Amai. Tinawajambula atafunda bulangeti kumutu kuti phokoso la bala ya kuseri lisalowe. Mithunzi ndi mitundu yosakanikirana ndinazicotsanso kuti kafilimu kapepuke, pakuti munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi satsegula cinthu colemera pa WhatsApp.

Tsiku loonetsa nchito, anzanga anali ndi zilembo zouluka ndi magalimoto onyezimira. Kanga kanaoneka ngati cithunzi ca m'buku la giledi 2. Pa motion graphics ndinapeza malikisi apakati. Pa kuyesa ndinapeza apamwamba, popeza anthu asanu atsopano onse anati adikira.

Ku sukulu kuli mnyamata amene ndinamulembera mu lipoti kuti samvetsera, cifukwa nthawi zonse nchito yake inkatayika. Temu ino ndinakhala pambali pake osalankhula. Ankafunafuna posungira, diso likudutsa pa kacizindikiro kaja ka floppy disk, cinthu cimene cinasiya kugwiritsidwa nchito iye asanabadwe. Anati ankaona ngati ndi ka TV. Pa kompyuta imodzi amakhala anayi, ndipo mbewa sinafikepo m'dzanja lake kupitirira mphindi zisanu. Lipoti lija linapita kale kwa makolo ake.

Foni ya Amai ndi ya mabatani, kafilimu sikatseguka. Koma sabata yatha anandiimbira ndili mu sitafu. Anamva mawu awo akutuluka m'foni ya mtsikana wina pa mzere wa madzi, ndipo sanakondwe. Akuti akumveka ngati ali ndi cimfine, ndipo azimayi a ku chalichi awazindikira. Ndipite Loweruka ndi laputopu tikajambulenso, koma bulangeti ayi.