Therere la ku Tshakhuma

Azakhali anga atatuluka m'chipatala mu Disembala, chakudya chinkawakana. Akhala ku Pretoria zaka 22 akugwira ntchito ya m'nyumba, ndipo sindinawamvepo akudandaula za ndiwo. Koma ulendo uno nkhuku ankati ikununkha mankhwala, phala linkazizirira m'mbale. Adokotala anati akapanda kudya, thupi silipirira mankhwala amene atsala. Usiku wina, tili kunyumba kwanga ku Sunnyside, analankhula ali chigonere: "Iwe, ndikanangopeza therere la denje."

Kutacha ndinayenda msewu wonse wa Robert Sobukwe, umene akale amautchulabe Esselen. Kumeneko kuli masitolo a anthu a ku Nigeria, Congo ndi Ethiopia, ndipo mumapezeka chinangwa, nsomba zouma ndi tsabola wamitundumitundu. Ponseponse ndinkafunsa "okra", motero ndinabwerako ndi therere lobala. Azakhali analiyang'ana n'kutembenukira kukhoma. Vuto linachokera ku ntchito yanga yomasulira. Ndazolowera kulemba mawu amodzi omwewo a Chingerezi ponse pamene pali therere, ngati kuti denje, chewe ndi lobala n'zofanana. Mayi aliyense wa ku Thyolo akhoza kundiseka.

Mnzanga wa Chivenda, amenenso ndi womasulira, ataona chithunzi cha masambawo pafoni anati kwawo amangomera okha m'minda ya chimanga nthawi ya dzinja. Ndinabwereka galimoto yake. Ndinkafuna kupita ndekha, koma azakhali anakana. "Ukabweranso ndi zako zija," anatero, uku akumanga mpango.

Tinanyamuka Loweruka lina mu Januwale tambala asanalire. Msewu wa N1 wopita kumpoto ndi wautali, makilomita oposa 350 kukafika ku Louis Trichardt, ndipo ndalama zimathera pa zipata zolipira. Titadutsa Polokwane ndinagula chimanga chophika. Iwo analuma kamodzi n'kundibwezera. Tinakhala chete mtunda wautali.

Zinasintha titakhotera kum'mawa mumsewu wa R524, m'tsinde mwa mapiri a Soutpansberg. Dera la Levubu ndi lobiriwira mochititsa nsanje: nthochi, mapeyala, mango, ndi mitengo ya makademiya yondandalikidwa bwinobwino mpaka kumene maso alekeza. Dothi lake ndi katondo. Azakhali anatsitsa galasi n'kunena kuti, "Kuno ndi kwa Bvumbwe." Sanalakwitse, ngakhale pa zimene sizioneka. Kwathu esiteti ya tiyi imayambira pamene pathera munda wa wosauka, ndipo agogo ankatisimbira za thangata. Kuno nako anthu anachotsedwa m'chigwachi m'zaka za m'ma 1930 kuti boma likhazikepo alimi achizungu. Lamulo lobwezera malo la 1994 litabwera, ena mwa mafamuwo anabwerera kwa eni ake. Koma wodutsa pamsewu amangoona waya, ndipo zipatso zabwino kwambiri za kuseri kwa wayayo zimakwera mathiraki kupita kutali.

Chakudya chenicheni tinachipeza pa msika wa Tshakhuma, m'mphepete mwa msewu womwewo. Ogulitsa pafupifupi onse ndi amayi. Ndinazungulira pakati pa milu ya mango, nthochi ndi mtedza, foni ili m'manja, ndikuonetsa chithunzi ngati wapolisi wofuna munthu wosowa. Azakhali, amene Chivenda sachidziwa, anangoyima pamaso pa mayi wina wachikulire, n'kuyerekeza ndi zala chinthu chonanda chimene chikukana kuduka, n'kunena kuti, "Therere."

"Delele!" anayankha mayiyo.

Ndinaima kukamwa kuli yasa. Digiri yanga yachiwiri yonse ndinaithera pa nkhani ya mawu amene samasulirika, koma apa mawu anali atawoloka Zambezi ndi Limpopo kalekale popanda wowanyamula wodziwika. Pa tebulo panalibe masambawo, chifukwa odutsa pagalimoto sawagula. Mayiyo anatuma kamdzukulu kake kumunda wa kuseri kwa nyumba, ndipo kanabwera ndi jumbo yodzaza, masamba ake adakali ndi mame a mvula ya m'mawa.

Sanatilole kuchoka. Anatitengera kuseri kwa benchi kumene amaphikira nkhomaliro yawo, ndipo kumeneko kunabuka mkangano wopanda chinenero. Iye anatulutsa soda, azakhali n'kupukusa mutu, akuloza phulusa la pamoto kutanthauza chidulo. Nthawi yocheza chidulo panalibe, choncho soda anapambana. Pa tomato anagwirizana. Nsima yawo, imene amati vhuswa, ndi yosalala ndi yofewa kuposa yathu, ndipo amaiomola mosanjikiza m'mbale. Azakhali anatema mbamu yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Ine ndinkawerenga mumtima, maso ndili kumbali kuti asaone. Anafika pa 11. Atasamba m'manja anati mchere wachepa, ndipo ndinadziwa kuti abwerera m'thupi.

Pobwerera galimoto inkanunkhira mango. Masamba otsala tinawayanika pakhonde la nyumba yosanja, pa nyuzipepala, aneba akudabwa. Anatha milungu itatu, ndipo mankhwala aja anawamaliza.

Mu Malichi ndinalowanso m'sitolo ina ya ku Sunnyside kukagula nsomba, ndipo ndinasimbira mwini wake, bambo wa Chiyoruba, za ulendo wathu. Anapempha kuona chithunzi chija. Kenaka anatsegula firiji imene ndinaidutsa kambirimbiri mu Disembala n'kutulutsa kapaketi kobiriwira. "Ewedu," anatero. Kuchoka pamenepo kufika pakhomo panga ndi mphindi 6 wapansi.

Nditawauza azakhali, anagwira kapaketiko, n'kukanunkhiza, n'kukabweza m'manja mwanga. Anafunsa ngati mnzanga uja angatibwerekenso galimoto mvula isanathe.