Usiku umodzi m'chipatala, ulendo wa ku Kafue

Achemwali anga, achisamba m'banja mwathu, anakwatiwa ku Kafue m'dziko la Zambia ine ndili kamtsikana, ndipo chiyambire takhala tikuonana pa maukwati ndi pa maliro basi. Choncho atandiimbira foni kuti akufuna gadiyani, ndinadziwa kuti nkhani yake si yamasewera. Thupi linali litawalemera. Anawapeza ndi shuga, BP inkangokwera, mawondo ankakana kuwafikitsa kutchalitchi. Atalimbana ndi zakudya ndi mankhwala kwa zaka zambiri, madokotala a pachipatala china cholipira ku Lusaka anagwirizana nawo zowachita opaleshoni yomanga chifu ndi lamba, imene pa Chingerezi amati gastric band.

Za ulendo wochoka ku Lilongwe sindichulutsa gaga m'diwa. Tinadinditsa mapasipoti pachipata cha Mwami, kenako Chipata, Katete, Petauke, Nyimba, mpaka pamlatho wa Luangwa pomwe amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Monsemo munthu umalankhula Chichewa chako n'kumamvana ndi aliyense. Ku Lusaka tinafika dzuwa litapendeka, miyendo itatupa.

Chigawo chotsiriza cha ulendowu ndi chachifupi, makilomita pafupifupi 45, koma ndicho chinadzakhala mutu wa nkhani yonse. Ndinakwera minibasi nthawi yoweruka kuntchito. Kuchoka pa Kafue Roundabout kukafika ku Makeni galimoto zinali zitathithikana, tikungosuntha pang'onopang'ono, kondakitala akukangana ndi anthu za chenje. Titadutsa Chilanga, kumene kuli fakitale ya simenti ndi munda wa Munda Wanga, mdima unagwa. Apo ndi pamene ndinaziona bwino thiraki. Msewu umenewu ndi womwe umapita kumwera konse: mukangowoloka mtsinje wa Kafue umagawikana, wina kulowera ku Chirundu, malire a Zimbabwe, wina ku Livingstone ndi Kazungula. Katundu wochokera ku South Africa ndi wopita ku migodi amadzera momwemu usana ndi usiku. Tinaima pamzere pa geti yolipirira ya Shimabala, tinaimanso patsogolo pake chifukwa thiraki ina inali itafera pakati pa msewu, dalaivala atayala nthambi za mitengo pansi. Ndinatsika ku Kafue Estates anthu atadya kale nsima.

Kafue Estates ndi tauni imene inamangidwira antchito a mafakitale nthawi ya a Kaunda. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, ndipo pafupi pake panali fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles. Anthu ambiri a kum'mawa anabwera nthawi imeneyo kudzafuna ntchito, n'chifukwa chake Chinyanja chimamveka paliponse, chosakanikirana ndi Chitonga ndi Chibemba. Alamu anga ndi mmodzi mwa iwo. Anapuma pantchito kalekale, ndipo ndalama za opaleshoniyi anazisonkhanitsa movutikira: kapenshoni, thandizo la ana, ndi chilimba cha achemwali ndi amayi anzawo.

Ndinapeza m'nyumba muli mtsutso. Dokotala anali atawauza kuti opaleshoniyi ambiri amatuluka tsiku lomwelo, koma ngati akufuna atha kugona usiku umodzi, pamtengo wowonjezera. Alamu ankati abwerere kunyumba. Sikuti ndi anthu oumira, ayi, ndalamazo zinali zitawathera, ndipo kutsogolo kunali maulendo ena okaonana ndi dokotala. Achemwali nawo ankafuna kwawo. Mayi athu anatisiya ali m'wodi usiku, ndipo chiyambire achemwali safuna kuona mdima ali pabedi la chipatala. Mwana wawo wamkazi yekha ndiye ankati agone.

"Mng'ono wanga, iwe ndiwe wolemba nkhani za umoyo," anatero achemwali. "Tiuze."

Ndinawauza zomwe ndimadziwa, ndipo ndizibwereze pano chifukwa matenda a kunenepa afika m'makomo mwathu. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2013 mpaka 2014 anapeza kuti amayi 23 mwa 100 alionse ku Zambia anali olemera kupyola muyezo. Lambayu ndi wa silicone. Dokotala amaboola timabowo tingapo pamimba, amapopamo mpweya kuti mimba ifutukuke, n'kulowetsa kamera ndi zipangizo zake. Amakulunga lambayo kumtunda kwa chifu, monga mmene timamangira thumba la ufa chapamwamba, kuti patsale kathumba kakang'ono kolandira chakudya chochepa. Kuchokera pa lambayo pamakhala kachubu kofika pa kabatani kobisika pansi pa khungu, ndipo m'menemo ndi momwe dokotala amabayamo madzi amchere kuti lamba athine kapena amasuke. Mmodzi mwa amene anayambitsa njira yochita zimenezi ndi kamera ndi Mitiku Belachew ku Belgium mu 1993, ndipo dziko la America linavomereza lamba wotchedwa Lap-Band mu 2001. Chifu sachidula, matumbo sawakhudza, ntchito yonse imatha pafupifupi ola limodzi. N'chifukwa chake madokotala amalimba mtima kutulutsa munthu madzulo ake.

Kutuluka tsiku lomwelo si chinyengo chofuna kupulumutsa mabedi. Mu 1909, James Nicoll wa ku Glasgow analengeza kuti anachita maopaleshoni pafupifupi 9,000 pa ana amene ankabwerera kwa amayi awo tsiku lomwelo, ndipo anachira bwino. Munthu kwawo amadzuka msanga, amayendayenda, ndipo kuyendako kumateteza magazi kuti asaundane m'miyendo. Amatalikirananso ndi matenda a m'wodi. Alamu atamva izi anagwedeza mutu mokondwa. Koma ndinapitiriza kuti kumene njirayi imayenda bwino amayamba afunsa za kunyumba kwa wodwalayo. Amafuna pakhale munthu wamkulu womuyang'anira maola 24 oyamba, foni yogwira ntchito, galimoto yoti ingadzuke nthawi iliyonse, ndiponso kuti chipatala chikhale pamtunda wofikika msanga, nthawi zambiri osapyola ola limodzi.

Tinayamba kuyeza nyumba ya achemwali ndi muyezo umenewu. Gadiyani analipo, ndine. Galimoto inali yobwereka kwa mnansi, ndipo alamu maso awo saona bwino usiku. Magetsi ankazima maola ambirimbiri, monga zinkachitikira pambuyo pa chilala cha 2024 chimene chinachepetsa madzi ku Kariba, moti foni ankakatchajitsa kumsika. Chipatala cha Kafue General chili pafupi, ndipo anthu a kuno amachidalira pa zambiri, koma amene anamanga lambayo, wodziwa pomwe wamuika ndi mmene angamumasulire, akanakhala ali ku Lusaka, kuseri kwa thiraki zonse zija.

Chimene chinathetsa mtsutso sindinachipeze m'buku. Ndinagona chipinda chimodzi ndi achemwali, iwo pabedi ine pamatiresi pansi. Mkonono wawo unali waukulu, koma chimene chinandiopsa ndi kuleka kwake. Ankaliza, kuliza, kenako zii. Chifuwa chikuyesa kukoka mpweya koma osalowa. Ndimati ndidzuke ndiwagwedeze, iwo n'kudzidzimuka ndi kubanika kwakukulu, n'kutembenuka, n'kuyambiranso. Zinachitika mobwerezabwereza mpaka tambala woyamba. M'mawa nditawafunsa alamu anati, "Alamu, akhala akutero zaka zambiri, tinazolowera." Achemwali eni ake sankadziwa n'komwe. Ankangodabwa kuti amadzuka mutu ukuwawa ndipo masana amasinza pampando.

Kubanika kutulo kotereku kumakonda anthu onenepa kwambiri, chifukwa mnofu wa pakhosi umatseka njira ya mpweya munthu akagona. Mankhwala ogonetsa a m'thiyeta ndi mankhwala amphamvu opha ululu amachititsa kuti munthu asadzidzimuke msanga akabanika. Pa tsiku lokaonana ndi dokotala wogonetsa ndinamufotokozera zomwe ndinamva. Analemba mufayilo, anafunsa achemwali mafunso angapo, anawayeza khosi ndi tepi, kenako anati za kutuluka tsiku lomwelo ziiwalike. Alamu sanatsutse. Anangoti walira mvula walira matope, n'kutuluka panja kukaimbira mwana wawo wa ku Kitwe za ndalama yotsalayo.

Opaleshoni inachitika m'mawa, ndipo masana achemwali anali m'wodi, timabala tawo titamatidwa mapulasitala, dripi ili pamkono, kachipangizo koyeza mpweya katapanidwa pachala. Chodabwitsa n'chakuti pamimba sankadandaula kwambiri. Ankalira phewa. Namwino anati ndi mpweya uja anapopera m'mimba, umakwiyitsa mtsempha wofika kuphewa, ndipo umatha wokha. Madzi ankamwa ndi supuni yaing'ono, kumeza kamodzi n'kudikira. Chakumadzulo namwino anawadzutsa, atavala masokosi othina, n'kuwayendetsa m'khonde mpaka kumapeto ndi kubwerera. Ndikanawaona nthawi imeneyo yokha, nanenso ndikanati tiyeni kunyumba.

Zinasintha usiku. Nseru inawagwira, anayamba kudukuluka, ndipo kusanza ndi chinthu chimene madokotala safuna pa munthu amene wangomangidwa lamba, chifukwa kungamusunthe pamalo pake. Namwino anabwera ndi jekeseni, anaithira mudripi, pasanapite nthawi nseru inaleka. Atagona tulo, manambala a pa kachipangizo kaja anayamba kutsika ndipo kanalira. Namwino anakweza kumutu kwa bedi, anawaika timachubu ta mpweya m'mphuno, anaima pambali pawo mpaka manambala atabwerera. Achemwali anatsegula maso n'kundigwira dzanja. "Usachoke," anatero. Sindinachoke. Ndinakhala pampando ndikuganiza kuti nthawi ngati imeneyo ku Kafue tikanakhala mumdima ndi tochi, tikugogoda pachitseko cha mnansi, munthu akusanza mapiritsi amene tamupatsa.

Sindikunena kuti denga la chipatala palokha limapulumutsa. Mu 2018 magazini ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wotsogoleredwa ndi Bruce Biccard wa ku Cape Town, wokhudza odwala oposa 11,000 m'mayiko 25 a mu Africa. Anapeza kuti odwala athu amamwalira kuwirikiza kawiri pambuyo pa opaleshoni poyerekeza ndi a kwina, ngakhale ambiri ndi a zaka zocheperapo, ndipo imfa zambiri sizichitikira m'thiyeta koma m'masiku otsatira, pamene vuto layamba popanda woliona msanga. Chimene tinalipira usiku umenewo si bedi, koma namwino amene anali maso. Zambia ndi dziko limene linatsogolera pa msonkhano wa World Health Assembly mu 2015 kuti maopaleshoni ndi mankhwala ogonetsa aziwerengedwa ngati chithandizo chofunika kwa aliyense. Ndikanakonda kuti mawu amenewo afike mpaka pa chiwerengero cha anamwino a usiku m'zipatala za boma, za kuno ndi za kwathu komwe, kumene namwino mmodzi amathamanga ndi wodi yonse.

Tinatuluka mawa lake dzuwa litakwera. Achemwali anakhala kutsogolo atakumbatira pilo pamimba, lamba wa galimoto atadutsa pamwamba pake. Hampu iliyonse ankatseka maso. Ku Chilanga tinaima kuti atsike ayendeko pang'ono, monga anatilangizira.

Ntchito yeniyeni ya gadiyani ndinaipeza kunyumba. Anthu a ku Kafue ndi achikondi, ndipo wodwala samuzonda chimanjamanja. Amayi a kutchalitchi anabwera ndi nsima yovundikira bwino, nkhuku, nsomba za mumtsinje, zigubu za chibwantu ndi munkoyo. Pomwe achemwali ankaloledwa zamadzimadzi zokha kwa masabata oyamba: msuzi wosefa, mkaka wopanda mafuta, kenako phala losalala, ndipo chakudya cholimba patapita mwezi ndi kuposerapo. Kubweza mbale ya mlendo n'kovuta pa chikhalidwe chathu. Ndinkalandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kufotokoza pang'onopang'ono. Mayi wina wachikulire anakhumudwa ndithu. "Munthu angachire bwanji osadya nsima?" Ndinamuonetsa kakapu kamene achemwali amamwera, ndipo anagwira pakamwa. Tsiku lotsatira anabweranso, atanyamula msuzi wa nsomba wosefa bwinobwino m'botolo.

Achemwali atayamba kupeza mphamvu tinapita kumtsinje madzulo ena. Kafue pamenepa ndi wotakata ndi wodekha, m'mbali mwake muli namasupuni amene kuno amamutcha Kafue weed. Asodzi ankakocheza mabwato, amayi akuwadikira ndi mabeseni. Chapatali pankaoneka mlatho wa njanji umene unamangidwa mu 1906, ndipo sitima zimawolokabe pamenepo. Achemwali anayenda kamtunda ndithu osapuma, n'kukhala pamwala akupuma mwabefu koma akumwetulira.

Ulendo wawo ndi wautali. Lamba amafuna kubwerera kwa dokotala kukamuthina kapena kumumasula, koyamba pakatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Nthawi zina amatsetsereka, nthawi zina amadya khoma la chifu, ndipo anthu ambiri amadzamuchotsa patapita zaka. Pa zifukwa zimenezi madokotala ambiri padziko lapansi masiku ano amakonda opaleshoni ina yodula mbali ya chifu, yotchedwa sleeve gastrectomy. Amene akuganizira za lamba azimve zimenezi asanasaine pepala lililonse.

Koma pa funso limene ndinalipeza m'nyumba muja, maganizo anga ndi awa. Munthu wokhala mu Lusaka momwemo, wopanda shuga, wosabanika kutulo, wokhala ndi galimoto pakhomo, atha kupita kwawo ngati dokotala walola. Wa ku Kafue, wa ku Chanyanya, wa ku Mazabuka, kapena wa kwathu amene chipatala chachikulu chili kutali, agone. Ndalama ya usiku umenewo muziyiwerengera pamodzi ndi ya opaleshoni kuyambira pa tsiku loyamba la chilimba. Ndipo inu amene mumagona pafupi ndi wodwalayo, ngati mumamumva akuleka kupuma kutulo, kauzeni dokotala wogonetsa ndi pakamwa panu, chifukwa mwini wake sadzimva.