Mng'alu wa pa Khoma la Agogo



Sabata ino tikufuna kugawana nanu zimene tinaphunzira pa tchuthi chachikulu cha mu Ogasiti 2024, pamene ife adzukulu asanu tinapita kumudzi ku Phalombe kukakonza nyumba ya agogo athu aakazi.

Nyumbayi ndi ya njerwa zosawotcha, yofolera ndi malata akale, ndipo ili m'mphepete mwa munda wa chimanga ndi nandolo. Anaimanga ndi malemu agogo aamuna, makolo athu akadali ana. Namondwe Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, nyumba zambiri m'mudzimo zinagwa. Ya agogo inatsala chilili, koma khoma la kumbuyo linang'aluka kuyambira pansi mpaka pawindo. Agogo anatseka mng'aluwo ndi nsanza, nasuntha mphasa yawo kuti asamagone pafupi ndi khomalo. Anagona motero dzinja lonse lotsatira. Ife tinali m'tauni, kumangoimba foni n'kukhutira ndi yankho lawo lakuti, "Ndili bwino, adzukulu anga."

Tinasonkherana ndalama, tinagula matumba atatu a simenti ndi laimu. Tinkaganiza kuti ndi ntchito ya masiku atatu: kumata mng'alu, kupaka pulasitala, kuyeretsa makoma ndi laimu, kenaka kujambula zithunzi zotumizira makolo.

M'mawa wa tsiku loyamba kunabwera bambo wina wachikulire wa mumphakati wa agogo, mmisiri womanga nyumba. Mng'aluwo anangouyang'ana pang'ono. Anagwada, nakanda m'tsinde mwa khoma ndi chikwanje, ndipo dothi linayoyoka ngati ufa. "Ana inu," anatero, "mng'alu ukungotiuza kuti nyumba ikudwala. Matenda ake ali pansi apa." Anatisonyeza kuti malata sanatuluke mokwanira kunja kwa khoma, choncho madzi a padenga ankagwera m'tsinde mwenimweni. Bwalo nalo linapendekera kunyumba, madzi n'kumadikha pamenepo. Njerwa yosawotcha ikamwa madzi imafewa, ndipo khoma limatitimira. Anatinso simenti sigwirana bwino ndi khoma la dothi: imabisa chinyontho kwa kanthawi, kenaka imagamuka. Atakwera kudenga anapeza kuti mitengo iwiri inali itadyedwa ndi chiswe, kwangotsala khungwa.

Usiku umenewo tinakangana. Ndalama zinali zochepa, ndipo ntchito ya masiku atatu inasanduka ya milungu iwiri. Mmodzi wa ife anati tingomata monga tinakonzera, enawo adzaona okha. Wina anati kuli bwino tiwatenge agogo azikakhala nafe m'tauni. Agogo ankamvetsera ali phee, akutongola chimanga. Pomaliza anati, "Amayi anga agona kuseri kwa mitengo iyo. Mundawu ndiusiyira yani? Ngati yakukanikani, isiyeni, Mulungu andisunga monga wandisungira." Palibe anayankha. Manyazi anatigwira tonse.

Kutacha tinachirikiza denga ndi mphanda, n'kugumula khoma lonse la kumbuyo. Tinakumba maziko atsopano, tinatuta miyala kumtsinje ndi wilibala yobwereka. Manja athu ozolowera cholembera anatuluka matuza. Koma mutu umodzi susenza denga. Akhristu a mumphakati atamva, anabwera osaitanidwa. Amayi ankatunga madzi kumjigo, abambo ankaponda matope, ndipo banja lina linatipatsa njerwa zowotcha zimene zinatsala pomanga nyumba yawo. Simenti yathu yonse inathera pansi, m'maziko ndi m'mizere yoyamba ya njerwa, pamalo pamene mlendo sayang'ana. Kumwamba tinamangira matope. Tinaika mitengo yatsopano ya bulugama, titaipaka oyilo wakutha wa galimoto kuti chiswe chisaiyandikire. Tinawonjezera malata kuti madzi azigwera patali, tinakweza khonde, tinakumba ngalande yopita kumunda. Agogo anazira okha pansi ndi mtsiro, atakana kuti tiwathandize.

Pa 15 Ogasiti, tsiku lokumbukira kutengedwa kwa Mayi Maria kunka kumwamba, tinaweruka msanga n'kupemphera Kolona pakhonde latsopano pamodzi ndi onse amene anatithandiza. M'menemo ndi mmene tinakumbukira Fransisko Woyera wa ku Assisi. Cha m'ma 1206 iye anakonza ndi manja ake katchalitchi kakugwa ka San Damiano, akupempha miyala kwa anthu a mumzinda. Ankakonza makoma, koma Mulungu ankakonza iyeyo. Nafenso zinatichitikira chimodzimodzi. Tinaona kuti mng'alu waukulu sunali pakhoma. Unali pakati pa ife ndi agogo. Lamulo lachinayi tinaliloweza tikuphunzira katekisimu, koma tinalola mayi wokalamba kugona chaka chathunthu pafupi ndi khoma loti likhoza kumugwera, ife n'kumamata mlanduwo ndi foni ya mphindi ziwiri.

Abale ndi alongo, ambiri a ife timakonda laimu. Timafika ku Misa titatchena, timaimba bwino m'kwaya, pamene pansi pa mtima madzi akudikha: chakukhosi chimene tasunga, bodza limene tazolowera, kholo limene taliiwala. M'Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Mateyo, mutu 7, Ambuye Yesu akusiyanitsa nyumba ziwiri poyang'ana pamene zinamangidwa, ndipo mvula inagwa pa zonse ziwiri. Sakramenti la Kulapa lili ngati chikwanje cha mmisiri uja. Limakanda m'tsinde, ndipo zimawawa kuona zimene zikuyoyoka. Tisapite kwa wansembe kukangotchula ming'alu yooneka. Timuuzenso kumene madzi akulowera.

Tchuthi chinatha tisanapake laimu, ndipo zithunzi zimene tinatumiza zinali za khoma lofiira, losakongola. Mu Disembala mvula itagwa yamphamvu usiku wonse, tinaimba foni m'mamawa mitima ili m'mwamba. Agogo anaseka. "Madzi onse athawira kumunda," anatero. "Ndipo mphasa ndaibwezera pamalo pake pakale."

Sabata ino aliyense adzifunse: ndani kwathu amene amandiuza kuti ali bwino, ine n'kumakhulupirira chifukwa kutero n'kosavuta? Tipite tikaone ndi maso athu mvula isanagwe.

Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete, mutipempherere.