Ulendo wa ku Kasisi, Kumene Amayamba Kudyetsa Nthaka

Msewu wochokera ku Lilongwe kunka ku Mchinji, umene umalowa m'dziko la Zambia pa chipata cha Mwami ndi kukathera ku Lusaka, ndinauyenda m'mwezi wa Seputembala, nyengo imene minda ili mbee, akamvuluvulu akunyamula fumbi, ndipo utsi wa moto wolusa uli tolotolo kumanja ndi kumanzere. Mtima wanga unali pa malo otchedwa Kasisi, kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kumene a chipani cha Jesuit cha mu Mpingo wa Katolika akhala akuphunzitsa alimi, kwa zaka zoposa 30, kulima popanda feteleza ndi mankhwala a m'sitolo. Chimene chinandidzutsa ndi chimene chikusowetsa tulo banja lililonse kwathu kuno, ndicho mtengo wa thumba la feteleza, umene chiyambire nkhondo ya Russia ndi Ukraine m'chaka cha 2022, ndiponso kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wakwera kufika poti mlimi wa khasu angouyang'ana ndi maso.

Munthu wowoloka pa Mwami sazindikira msanga kuti wafika m'dziko la eni, pakuti malonje ndi omwewo, nsima ndi yomweyo, ndipo ku Katete kuli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene Achewa a m'mayiko atatu amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Kulamba. Zowawa za m'munda nazonso n'zomwezo. Ndinaona mapesi ataunjikidwa ndi kutenthedwa, anyamata akukumba mbewa m'phulusa, ndi nthaka yofiira yotsala pamtunda yopanda chofunda chilichonse, ikudikira mvula yoyamba kuti iikokolole. Koma apa ndi apo, pakati pa chipululu chimenecho, panaima mitengo ya nsangu yobiriwira bwino, ndipo mayi wina wa ku Petauke amene ndinakhala naye mpando umodzi, ataona kuti ndikuiyang'anitsitsa, anati, "Bambo, umenewo ndiwo feteleza wa amphawi, patsinde pake chimanga sichinama."

Mayiyo ananena zoona zimene agogo athu anazidziwa kale asanabwere alangizi. Nsangu ili ndi khalidwe losiyana ndi mitengo inzake, chifukwa imayoyola masamba pamene mvula yayamba, ndi kuphukanso m'chilimwe, kotero kuti siphimba mbewu ndi mthunzi, koma imazithirira chonde pa nthawi yeniyeni imene zikuchifuna. Pa malo a kafukufuku a Msekera, pafupi ndi Chipata, akatswiri anathera zaka zambiri akuyesa mitengo ina yofulumira kukula, monga jelejele, ombwe ndi gilirisidiya. Ndipo bungwe la COMACO, limene linayamba m'chigwa cha Luangwa m'chaka cha 2003 pofuna kuti alenje opha nyama mozemba atule mfuti ndi misampha nagwire khasu, lafalitsa gilirisidiya ndi manyowa m'midzi yambiri ya kum'mawa kwa Zambia, uku likugula mtedza, mpunga ndi uchi wa alimiwo ndi kuzigulitsa m'dzina la It's Wild. M'buku la Levitiko, mutu 25, Aisraeli analamulidwa kupumuza munda chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, ndipo makolo athu nawo, osawerenga lamulolo, ankagoneka munda ukaguga, nausiya tsala kufikira utabwerera mwakale. Ife ana awo tachuluka, minda yachepa, tsala lasowa. Chotero ntchito imene inkagwiridwa ndi zaka za mpumulo iyenera tsopano kugwiridwa ndi mitengo, nyemba ndi ndowe, munda uli chilimire.

Za Nyimba, za mapiri okhotakhota a kutsikira ku mlatho wa Luangwa, ndi za amayi ogulitsa nsomba zouma ndi madengu pamenepo, sindinenapo zambiri. Kunatentha koopsa, ndipo tinafika ku Chongwe dzuwa litapendeka.

Mishoni ya Kasisi ndi yakale, inakhazikitsidwa m'chaka cha 1905 ndi Bambo Jules Torrend. Koma sukulu ya ulimi, Kasisi Agricultural Training Centre, inayambitsidwa mu 1974 ndi Mbale Paul Desmarais wa ku Canada, mwana wa mlimi amene anaphunzira zaulimi pa yunivesite ya Guelph. Chimene chinandigwira mtima m'mbiri ya malowa n'chakuti poyamba ankaphunzitsa ulimi womwewo umene tonse tinaphunzitsidwa, wa mbewu za haibulidi, feteleza ndi mankhwala opopera. Ndipo anausiya, cha m'ma 1990, ataona kuti alimi awo, angakhale akolole chotani, ankatsala m'ngongole chaka ndi chaka, popeza phindu lonse linkathera kulipira zipangizo. Anthu amenewa anatembenuka ataona mabuku a ngongole, ndipo chifukwa cha ichi umboni wao ndimaulemekeza koposa wa iwo amene amayamikira ulimi wachilengedwe ali m'mahotela a misonkhano.

M'mawa mwake mlangizi wina wachinyamata, waulemu wake, anandiyendetsa m'minda. Tinayambira pa milu ya manyowa, pamene anandionetsa kayalidwe kake: pansi mapesi ndi udzu wouma, pamwamba pake masamba aawisi, kenaka ndowe za m'khola, phulusa pang'ono ndi dothi, n'kuwaza madzi, n'kubwerezanso chomwecho kufikira mulu utafika m'chiuno. Anazula ndodo imene anaizika pakati pa mulu nandipatsa kuti ndiigwire, ndipo inali yotentha ngati chikombe cha mphika wa nsima. "Ikazizira msanga, agogo," anatero, "ndiye kuti mulu wafuna madzi kapena kutembenuzidwa." Pakatha miyezi iwiri kapena itatu zonsezo zimasanduka dothi lakuda lonunkhira bwino, lopanda fungo la ndowe ngakhale pang'ono. Titafika pa munda wa nyemba anazula tsinde limodzi nandionetsa timibulu ta kumizu, m'mene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totenga nayitirojeni mumpweya ndi kumusiya m'nthaka, mchere womwewo umene ife timaugula m'thumba la yureya ndi ndalama zakunja zimene dziko lilibe. Nandolo, mtedza, soya, khobwe ndi kalongonda zonse zimagwira ntchito imeneyi mwaulere, mlimi akamazisinthanitsa kapena kuzisakaniza ndi chimanga. Ndipo kaufiti, amene amakonda nthaka yoguga, amachepa pamene chonde chabwerera. Nsabwe za m'masamba amazithira madzi a nimu, a tsabola kapena a ombwe. Koma chiphunzitso chao chachikulu, chimene ndinachimva kwa aliyense amene ndinacheza naye, n'chakuti mlimi ayambe wadyetsa nthaka, ndipo nthakayo idzadyetsa mbewu. Aiphimbe ndi mapesi kuti isunge chinyezi, pakuti chilala chonga cha 2024, chimene chinachititsa Pulezidenti Hichilema kulengeza tsoka la dziko lonse mu Febuluwale, ndi Pulezidenti Chakwera kulengeza chimodzimodzi m'maboma 23 mwa 28 mu Malichi, sichidzakhala chotsiriza.

Pano ndiyenera kunena zimene okonda ulimi umenewu nthawi zina amazilumpha. Walira mvula walira matope. Thumba limodzi la feteleza munthu amalinyamula pa njinga, koma manyowa okwanira ekala imodzi ndi ngolo zambirimbiri, ndipo pamene palibe ngolo amasenza pamutu ndi amayi, amene ali kale ndi mtolo wa nkhuni, madzi ndi ana. Banja lopanda ng'ombe, mbuzi kapena nkhuku ndowe lizitenga kuti? Ndiponso munda umene unazolowera feteleza sumvera manyowa chaka chimodzi. Zokolola zikhoza kutsika poyamba zisanakwere, ndipo kuuza mayi wamasiye amene nkhokwe yake imatha mu Disembala kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, osamupatsa chomugwiriziza m'zaka zodikirazo, n'kumuchitira nkhanza. Dziko la Sri Lanka linaphunzira zimenezi ndi misozi: mu Epulo 2021 Pulezidenti Gotabaya Rajapaksa analetsa mwadzidzidzi kuitanitsa feteleza, alimi asanaphunzitsidwe ndiponso manyowa asanakonzedwe, mpunga ndi tiyi zinalowa pansi, ndipo pofika Novembala chaka chomwecho boma linabweza lamulolo. Nthaka simva lamulo la mfumu, imamva manja a mlimi.

Palinso nkhani ya msika. Kuti katundu alowe ku Ulaya ndi chizindikiro chakuti ngwachilengedwe, munda uyenera kukhala zaka ziwiri, kapena zitatu ngati ndi mbewu za mitengo, osalawa mankhwala, ndipo oyendera a mabungwe onga Ecocert kapena Soil Association ayenera kulipidwa chaka chilichonse, ndalama imene mlimi mmodzi payekha sangaikwanitse. Amene apambana ndi amene anagwirizana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Alimi a njuchi a ku Mwinilunga ndi Kabompo, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, akhala akutumiza uchi wa m'nkhalango za miombo ku Ulaya kwa zaka zambiri pansi pa chiphaso cha gulu. Bungwe la OPPAZ linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liyanjanitse alimi otere. Ndipo Uganda, dziko limene lili pakati pa mayiko otsogola pa chiwerengero cha alimi aziphaso mu Africa, linakhazikitsa ndondomeko ya boma ya ulimi umenewu mu 2019. Komabe, m'kuona kwanga, tsogolo lenileni la ulimi wachilengedwe m'mayiko athu lili pafupi kuposa Ulaya: lili m'nkhokwe ya mlimi mwini, m'ngongole imene sanatenge, ndi m'misika ya Lusaka, Chipata, Lilongwe ndi Blantyre, kumene ogula ayamba kufunsa kuti tomato ndi repu anapoperedwa chiyani, ndiponso liti. Pa msika wotere chiphaso chotsika mtengo chilipo, chimene chimapezeka alimi a mudzi umodzi akamayenderana minda ndi kuchitirana umboni pamaso pa ogula.

Pobwerera ndinalingalira za kwathu, ndipo ndinaona kuti sitikuyambira pa chabe. Ku Dowa kuli Tikondwe Freedom Gardens, munda umene malemu Dr Glyvyns Chinkhuntha anauyamba mu 1982 pa kadambo kakang'ono. Ku Ekwendeni alimi akhala akusakaniza nandolo, mtedza ndi chimanga chiyambire chaka cha 2000 pofuna kuthetsa kunyentchera kwa ana. Ndipo m'midzi yambiri anthu akupanga okha manyowa a Mbeya, kusakaniza feteleza pang'ono ndi madeya, phulusa ndi ndowe kuti thumba limodzi lifike patali. Amenewa sali achilengedwe kotheratu, koma akusonyeza kumene mapazi a anthu alunjika, umphawi utawatsegula maso. Chosowa ndi dzanja la boma. Zambia yakhala ikugawa feteleza wotsika mtengo kuyambira 2002, ndipo Malawi kuyambira 2005, ndi gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zamalimidwe likuthera pamenepo, pamene mlangizi mmodzi akuyang'anira midzi yosawerengeka, kawirikawiri wopanda ngakhale njinga yabwino.

Sindipempha kuti makuponi a feteleza athetsedwe mawa, pakuti njala siidikira kuti nsangu ikule. Ndipempha akuluakulu a ku Capital Hill ndi aphungu athu kuti pa ndalama za feteleza apatulepo gawo lolembera alangizi, logulira mbewu za nyemba ndi mbande za mitengo, ndi lobwereketsa mbuzi kwa mabanja opanda khola. Ndipempha mafumu athu, eni nthaka, kuti aletse kutentha mapesi ndi kulekerera ziweto m'minda ya nandolo, monga momwe amaletsera kudula mitengo ya kumanda. Ndipo inu owerenga amene muli ndi munda, kapena amene mumatumiza ndalama ya feteleza kumudzi chaka chilichonse, patulani mizere khumi yokha chaka chino, muithire manyowa, muiphimbe ndi mapesi, mubzalemo chimanga pamodzi ndi nandolo, ndipo mulu woyamba muuyale mvula isanagwe.