Ndani amamwa madzi a coso?

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, lero ndabwera ndi nkhani yondicititsa manyazi.

Mwana wanga wamkazi, wa zaka 7, amakonda coso, kambalame ka mlomo wautali wopindika kamene kamayamwa timadzi ta m'maluwa. Pa Cipwitikizi timangoti beija-flor, ngakhale beija-flor wa ku Brasil ndi mbalame ina, yopezeka ku America kokha.

Tinapanga comwera: botolo la pulasitiki lozondotsa, kabowo pa cotsekera, kambale kunsi kwake. Tinasakaniza muyezo umodzi wa shuga ndi miyezo inayi ya madzi owiritsa, n'kupacika botololo mu mtengo wa mango kuseri kwa nyumba.

Masiku atatu otsatizana, pocokera kusukulu ndinkapeza botolo litatsala pang'ono kuuma. Timbalame tiwiri sitingamalize madzi onsewo, ndipo shuga mukudziwa mtengo wake. Ndinatembenukira mwana: "Iwe, ukumwa ndiwe eti?" Anakana, misozi ili lengelenge. Sindinamukhulupirire.

Loweruka ndinakhala pakhonde kuyambira m'mawa, maso ali pa botolo. Dzuwa litangolifika, kambale kanayamba kusefukira, madzi n'kumadontha. Pansi pa mtengo panali ponata, nyerere zili piringupiringu. Apa m'pamene ndinakumbuka zimene ndimaphunzitsa ndekha: mpweya ukatenthedwa umafutukuka. Mpweya wotsala pamwamba m'botolo ndiwo unkakankhira madzi kunja, ndipo madzi akamacepa, mpweyawo umaculuka, kudontha n'kumakulirakulira. Mphepo ikagwedeza botolo, ena ankatayikanso. Otsala m'kambale ankamaliza ndi njuci.

Ndinasamutsira comweraco pamthunzi wa tsiku lonse. Ndinatenga botolo laling'ono loti lizidzaza mpaka pakamwa, ndi kulimangirira kuti lisamagwedezeke. Pa cingwe ndinaika kacitini ka madzi kuti nyerere zisaoloke. Madzi ashugawo timasintha pakapita masiku awiri, cifukwa kukatentha amasasa msanga. Uci sitithiramo, umaonongeka mofulumira ndipo ungadwalitse mbalame.

Kukonza botolo kunali kosavuta. Covuta cinali kumuitana mwana uja. "Mwanawe, ndinakulakwira. Pepa."

Anangoti, "Amayi, paja ndinakuuzani."

Lolemba coko citasowa m'kalasi, pakamwa panga panali patafika kale dzina la mnyamata wina wa kumbuyo. Ndinalimeza, n'kuyamba ndayang'ana pansi pa tebulo.

Inu anzanga, zoterezi zinakucitikiranipo?