Galimoto ya Bambo ndi Nyumba ya Mayi

Inu amene munayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Mzuzu kulowera ku Karonga mukudziwa mmene mtima umachitira potsika phiri la Chiweta, nyanja ikatulukira mwadzidzidzi kumunsi kwanu. Mukatsika ndi kuyenda pang'ono mumafika pa Chitimba, pamene msewu wa Gorodi umayambira kukwera ndi makona ake 20 mpaka ku Livingstonia. Pa Chitimba pamenepa pamagona alendo ambiri akunja amene amadutsa Africa yense pa galimoto. Ndi pomwepa pamene panayambira mkangano umene unasautsa banja lathu kwa chaka chathunthu.

Bambo athu anagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi m'boma la Rumphi kwa zaka zoposa 25. Kwathu kwenikweni ndi ku Nkhotakota, koma ife ana tinakulira kuno, tikusamukasamuka m'nyumba za boma, chaka china ku Bolero pakati pa alimi a fodya, chaka china ku mapiri a Phoka pakati pa alimi a khofi. M'chaka cha 2023 anakwanitsa zaka 60 ndipo nthawi yopuma pa ntchito inakwana. Anayenera kubweza makiyi awiri, a nyumba ndi a njinga yamoto. Tonse tinkayesa kuti chowawa kwa iwo chidzakhala makiyi a nyumba. Tinalakwitsa.

Tsiku lina Loweruka, madrasa itatsekedwa, tinawaperekeza pamodzi ndi mayi kukaona malo amene mfumu ina ya m'mbali mwa nyanja inawalonjeza. Pobwerera tinapeza chigalimoto chachikulu chitaima pansi pa mtengo, ndipo mwini wake, mkulu wina wa imvi wochokera ku Ulaya, anali pansi pake akumanga kanthu kena. Bambo sangapitirire munthu amene akukonza makina. Anaima, anapereka moni, ndipo posakhalitsa tinapezeka tili m'kati. Abale, zimene tinaona zinatisowetsa chonena. Munali bedi la anthu awiri, kakhitchini kokhala ndi sitovu ya gasi, firiji, bafa ndi chimbudzi, thanki ya madzi akumwa, ndi magetsi a sola ochokera padenga. Inali nyumba yeniyeni, kungoti inali ndi matayala.

Mkuluyo anafotokoza kuti iye ndi mkazi wake atapuma pa ntchito anali ndi njira ziwiri. Kwawo anthu ambiri sagula nyumba yokhala ndi bwalo lakelake monga timachitira kuno, koma amagula zipinda zingapo m'chinyumba chachikulu chosanja. Zipindazo ndi zako, koma denga, masitepe ndi bwalo ndi za nonse okhalamo, ndipo mwezi uliwonse aliyense amasonkha ndalama zokonzetsera. Iwo akanatha kugula zipinda zotere m'mphepete mwa nyanja yamchere ndi kukhazikika, kapena kugula galimoto imeneyi ndi kuona dziko. Anasankha galimoto.

Ifeyo ndi amene tinkamasulira, motero tinamvanso mawu ena amene bambo sanawasamale. Mkazi wa mkuluyo anauza mayi motsitsa mawu kuti anali asanamuone mdzukulu wake amene anabadwa iwo ali paulendo. Ananenanso kuti penshoni yawo imalowa mwezi ndi mwezi m'ndalama ya kwawo, ndipo ali ndi inshuwalansi yoti mmodzi akadwala ikhoza kumukweza ndege kubwerera kwawo. Mayi anagwedeza mutu. Nthawi imeneyo n'kuti bambo ali panja akuyeza matayala ndi chikhatho.

Usiku womwewo, titatha kudya nsima ya kondowole ndi usipa, bambo anayamba. Iwo sanali kulota chigalimoto cha azungu chija ayi, ankadziwa kukula kwa thumba lawo. Ankafuna minibasi ya Toyota Hiace yogwiritsidwapo kale ntchito, mwa zija zimatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa chipata cha Songwe, zimene timaziona tsiku ndi tsiku zikukwera Chiweta. Anati adzachotsa mipando ya kumbuyo, adzayala matiresi, adzaika mbaula ndi chigubu cha madzi. Miyezi ina adzakhala ku Mangochi kwa mlongo wathu, miyezi ina ku Nkhotakota, ndipo Allah akalola adzafika ngakhale ku Johannesburg kumene kuli mng'ono wathu. Masiku opanda ulendo galimotoyo izidzanyamula anthu pakati pa Rumphi ndi Mzuzu kuti ipeze ya mafuta. Nanga pokhala? Anati tidzachita lendi kanyumba kakang'ono.

Mayi anawasiya mpaka atamaliza, kenaka anati, "Bambo a ana, zaka zonsezi ndakhala ndikusesa mabwalo a eni. Ndabzala mango m'malo asanu, sindinadyepo ngakhale limodzi. Ndiye lero mukuti ndikakalambire pa matiresi a m'minibasi?"

Ndalama zopumira pa ntchito sizikanakwanira zonse ziwiri. Mnzawo wina wa bambo anawalangiza kuti amange nyumba ndi ndalama zawo ndipo galimoto atengere ngongole ku banki, koma nkhani ya chiwongoladzanja bambo anaikana pomwepo, ndipo palibe anaitchulanso.

Tiulule pano kuti ife tinaima mbali ya mayi, ndipo tinaima mouma mtima. Tinatenga kope la ana a madrasa ndi kuyamba kuwerengera. Galimoto imayamba kutsika mtengo tsiku limene waigula, pamene nyumba imakwera. Galimoto imadya ngakhale itaima: inshuwalansi, chiphaso chosonyeza kuti ili bwino pa msewu, batire, matayala. Isanalowe n'komwe m'dziko muno pali msonkho wa ku chipata, umene si wamasewera. Tinawakumbutsa za mizere ya mafuta ya chaka cha 2022, pamene madalaivala ankagona pa malo omwetsera mafuta ku Mzuzu, ndipo tinafunsa mwachipongwe ngati kumeneko ndiko kugona m'galimoto kumene ankakufuna. Tinawakumbutsa za msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja, umene madzi osefukira amaudula kawirikawiri nthawi ya dzinja. Tinawawerengeranso akuluakulu amene tonse tinkawadziwa, amene anathira ndalama zawo zopumira m'minibasi, dalaivala ndi kondakitala n'kumadya bwino, mwini wake n'kutsala ndi chiphakasa chokhalira pa njerwa kuseri kwa nyumba ya lendi. Chikomekome cha mkuyu, tinatero, m'kati muli nyerere. Pomaliza tinafika pa mfundo imene mwana sayenera kuitchula mopepuka pamaso pa kholo lake: tsiku limene iwo adzatisiye, mayi adzagona kuti?

Bambo anangoti, "Mwalimu, mwawerengera bwino." Akatitchula kuti Mwalimu m'malo mwa dzina lathu timadziwa kuti tawalasa.

Miyezi inapita nkhani ili pomwepo, ndalama zili ku banki. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ife mvula inatipezadi panja. Pa 9 November 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. M'masabata ochepa simenti, malata ndi misomali zinakwera mtengo, ndipo galimoto, imene imagulidwa ndi ndalama yakunja, inathawiratu. Ndalama imene mu September ikanamanga nyumba ya zipinda zinayi kapena kugula minibasi yabwinoko, pofika December sikanathanso kuchita chilichonse mwa ziwirizi mokwanira. Kope lathu la masamu lija linalibe tsamba la zimenezi.

Ndipo nyumba nayo, imene tinkaitama kuti ndi chuma chosasunthika, inatiphunzitsa kanthu. M'chaka cha 2024 nyanja inakwera kwambiri, monga mukudziwa inu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amene madzi analowa m'nyumba zanu. Malo aja mfumu inatilonjeza, amene mayi anawakonda chifukwa mafunde ake ankawakumbutsa ku Linga, tinakawapeza ana akuwedzapo. Tikanafulumira monga tinkafunira ife, maziko athu akanakhala m'madzi.

Koma chimene chinatigwetsa nkhope si kwacha kapena nyanja. Linali dzulo lina tikuchokera ku mzikiti, tili awiriwiri, pamene bambo anatifunsa ngati tikukumbukira maliro a mkulu wawo. Tinkakumbukira. Uthenga unafika ku Phoka m'mamawa. Bambo anatsika phiri pa njinga yamoto, anadikira minibasi kuti idzaze, anasintha ina ku Mzuzu, inanso ku Nkhata Bay, ndipo ina inawafera pafupi ndi Dwangwa. Inu mukudziwa kuti maliro athu sagonera. Anafika ku Nkhotakota mdima utagwa, anthu atabalalika kale, dothi la pamanda likadali lofewa. Sanamusambitse mkulu wawo, sanamuswalire pamodzi ndi anthu, sanagwire jeneza.

"Atsala alongo anga awiri," anatero. "Onse ndi achikulire kuposa ine. Ndiye mwana wanga, ukamawerengera matayala uziwerengeranso zimenezo."

Tinasowa choyankha. Chaka chonse tinkaganiza kuti tikulimbana ndi nkhalamba imene yatengeka ndi chidole cha azungu. Sitinafunse ngakhale kamodzi chimene ankafuniradi galimoto. Mkulu wa ku Ulaya uja ankafuna kuona maiko achilendo. Bambo athu ankangofuna kuti foni ikalira usiku asakaimenso pa siteji kudikira minibasi kuti idzaze. Ife amene timaphunzitsa ana tsiku ndi tsiku za kulumikiza chibale tinalephera kuchizindikira chitaima pakhomo pathu.

Sitikunena kuti masamu athu anali olakwika. Mpaka lero tikukhulupirira kuti munthu wopuma pa ntchito m'dziko muno, amene penshoni yake imalowa m'makwacha ndipo alibe denga lakelake, ayambe ndi denga. Alendo aja anatha kusankha galimoto chifukwa kumbuyo kwawo kunali zinthu zowagwira akagwa, zimene bambo athu alibe. Cholakwa chathu chinali kupambana mtsutso tisanamve mlandu.

Titawafotokozera mayi, anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati alongowo ndi alamu awo, ndipo nawonso sakufuna kudzafika dothi litakwiriridwa. Anagwirizana tsiku lomwelo, ndipo ife sanatifunsenso maganizo. Nyumba imangidwe, koma ya zipinda zitatu, pamtunda, kutali ndi madzi. Gawo lina la ndalama lisakhudzidwe, likhale la ulendo wadzidzidzi, kuti uthenga ukabwera bambo azichita hayala galimoto kuchokera pakhomo mpaka ku Nkhotakota osaima pa siteji iliyonse. Anakambirana ndi mnyamata wina wodalirika wa pa Chiweta amene ali ndi galimoto yaing'ono, ndipo nambala yake inalembedwa ndi makala pa khoma la khitchini. Mng'ono wathu wa ku Johannesburg analonjeza kumathirapo kangachepe pa thumba limenelo.

Nyumbayo analowamo isanapakidwe pulasitala, mawindo awiri atatsekedwa ndi malata otsala. Ukaima pakhonde nyanja imaoneka patali, ndipo kukacha bwino amaoneka ngakhale mapiri a tsidya la ku Tanzania. Mayi anabzala mango atatu sabata yoyamba. Kawiri pa chaka onse awiri amakwera basi kupita ku Mangochi, atanyamula mpunga wa Kilombero wa ku Karonga ndi ufa wa kondowole, ndipo amabwerako akudandaula za miyendo yotupa ndi kuyamikira adzukulu.

Pamene amisiri ankayeza maziko, bambo anatenga chingwe ndi zikhomo zinayi n'kudula malo kumbali kwa nyumba, mamita 6 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi, ndipo analamula kuti pamenepo pasamangidwe kanthu. Palibe anafunsa kuti ndi pa chiyani. Chaka choyamba ankapalambula okha Loweruka lililonse. Dzinja lapitali mayi anaponyapo nthanga za maungu, akuti poti pakungokhala. Titapita kukawaona tinapeza bambo atawerama pomwepo, akuwongolera mphukira za maunguwo kuti zisatuluke kunja kwa zikhomo.