Mpando wachiwiri wa mwana sitigulitsa

Achimwene atumiza kuchokera ku Joni mpando wina wa mwana wa m'galimoto, uja mwana amakhalamo atayang'ana kumbuyo. Tsopano ilipo iwiri, ndipo kunyumba akuti wachiwiriwo tigulitse, ukungodya malo. Ine ndakana.

Mwana wa zaka ziwiri mutu ndi waukulu koma khosi n'lanthete. Galimoto ikawombana kapena kuima mwadzidzidzi, mwana woyang'ana kutsogolo mutu wake umaponyedwa, mphamvu yonse n'kuthera pakhosi. Woyang'ana kumbuyo, mutu ndi msana zimatsamira pampando nthawi imodzi. N'chifukwa chake ku Sweden ana ambiri amakhala chonchi mpaka zaka 4, ndipo ku South Africa kuyambira 2015 lamulo limati mwana wosakwana zaka 3 azimangidwa mumpando wake.

Nanga ife a msewu wa Makanjira kupita ku Mangochi boma, wa maenje, fumbi ndi matope a dzinja? Ana timangowafungata pamiyendo, tikuganiza kuti manja a mayi ndi okwanira. Pangozi manja amatayilira, abale.

Mpandowu ukhala m'galimoto ya amalume, kuti mwana akakwera m'menemo akhalenso womangidwa. Mnansi akafuna kupita ndi khanda kuchipatala, abwereke. Chachikulu malamba akhale osadukaduka, ndipo mpandowo uziikidwa kumbuyo, osati kutsogolo komwe kuli airbag.

Amene muli ndi mpando wotere ukungokhala, musataye. Bwerekani mnzanu.